Kate Sheppard

Katherine Wilson Sheppard (10 Malichi 1848 – 13 Julayi 1934), yemwe ambiri amangomutchula kuti Kate Sheppard, anali mayi wobadwira ku England amene anasamukira ku New Zealand ali ndi zaka 20, ndipo anadzakhala mtsogoleri wa amayi omenyera ufulu wovota m'dzikolo. Kuyambira mu 1887 mpaka 1893 ndiye ankayendetsa ntchito yolemba timabuku, kuchititsa misonkhano, kukambirana ndi aphungu, komanso kusonkhanitsa mayina a amayi pa zikalata za pempho zopita ku Nyumba ya Malamulo. Pa 19 Seputembala 1893 New Zealand inakhala dziko loyamba lodzipangira lokha malamulo kulola amayi onse akuluakulu kuvota pa chisankho cha aphungu. Pambuyo pake Sheppard anakhala mkonzi wa nyuzipepala ya The White Ribbon komanso pulezidenti woyamba wa bungwe la National Council of Women of New Zealand. Nkhope yake ili pa ndalama yapepala ya madola 10 ya dzikolo.

Ubwana wake

Anabadwira mumzinda wa Liverpool. Makolo ake, Andrew Wilson Malcolm ndi Jemima Crawford Souter, anali a ku Scotland. Dzina limene anamupatsa pobadwa linali Catherine, koma iye ankakonda kulilemba ndi K, kapena kungolidula kuti Kate. Anali wachiwiri m'banja la ana asanu. Mkulu wake anali Marie, ndipo pambuyo pake panabadwa Frank, Isabella ndi Robert. Banjali linkasamukasamuka, moti ana ena anabadwira ku Birmingham ndi ku London.

Bambo ake anamwalira mu 1862, Kate ali ndi zaka pafupifupi 14. Zitatero anakakhala kwa nthawi ndithu ndi wachibale wawo amene anali m'busa wa mpingo wa Free Church of Scotland m'tauni ya Nairn, ndipo kenako anatsatira mayi ake ndi abale ake ku Dublin. Olemba mbiri yake amati kumeneko kwa abusa n'kumene anatengera Chikhristu chimene sichilekanitsa kupemphera ndi kusamala za osauka. Anakula wokonda kuwerenga, ndipo zolemba zake za pambuyo pake zimaonetsa munthu wodziwa bwino za malamulo, sayansi ndi ndale.

Kusamukira ku New Zealand

Amene anayamba kupita anali Marie. Anatsatira bwenzi lake George Beath ku Christchurch, ndipo anakwatirana mu 1867. Makalata ake ndi amene anakopa mayi awo, omwe tsopano anali amasiye ndipo ankafunira ana awo aamuna tsogolo labwino. Banja lonse linakwera sitima yapamadzi yotchedwa Matoaka, imene inanyamuka ku Gravesend pa 12 Novembala 1868 n'kukafika padoko la Lyttelton pa 8 Febuluwale 1869, patatha pafupifupi miyezi itatu ali panyanja.

Christchurch panthawiyo inali tauni yatsopano. Atsamunda a bungwe la Canterbury Association anali atafikako mu 1850, pasanathe n'komwe zaka 20. Malowo anali a Amaori a fuko la Ngāi Tahu. Mu 1848, chaka chomwe Kate anabadwa, boma la atsamunda linagula gawo lalikulu la chilumba cha kumwera pa mtengo wa mapaundi 2,000 okha, ndipo malonjezo ambiri amene linapereka kwa eni nthaka silinawasunge. Nkhani imeneyi inadzathetsedwa mwalamulo mu 1998. Choncho banja la Malcolm, monga mabanja ena onse ochokera ku Britain, linayamba moyo watsopano pa dziko limene eni ake anali atangolandidwa kumene.

Ku Christchurch Kate analowa mpingo wa Trinity Congregational Church. Pa 21 Julayi 1871 anakwatiwa ndi Walter Allen Sheppard, mwini sitolo amene anakhalapo khansala wa mzindawo. Ukwati unachitikira kunyumba kwa mayi ake. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Douglas, anabadwa mu 1880. Kwa zaka zoposa khumi moyo wake unali wa pakhomo ndi kutchalitchi: ankaphunzitsa Sande sukulu, ankathandiza kusonkhanitsa ndalama za mpingo, ndipo mu 1884 anasankhidwa kukhala mlembi wa bungwe la amayi a pa Trinity, lomwe linkayendera odwala ndi ena amene sankabwera kumapemphero. Ntchito zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma n'zimene zinamuphunzitsa kulemba makalata, kusunga mabuku ndi kuyendetsa komiti. Popeza banja lake silinali losauka, analinso ndi mpata umene amayi ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'nyumba za anthu analibe.

Mowa ndi voti

Mu 1879 amuna onse achizungu a zaka 21 kupita m'tsogolo anapatsidwa ufulu wovota ngakhale alibe malo kapena nyumba. Amuna achimaori anali ataupeza kale mu 1867, koma pa mipando inayi yokha imene anawapatulira. Amayi okhoma msonkho wa nyumba ankatha kuvota pa zisankho za makhonsolo, ndipo kuyambira 1877 amayi ankaloledwa kukhala m'makomiti a sukulu, koma ku Nyumba ya Malamulo analibe mawu. Nkhani ya voti ya amayi sinayambe ndi Sheppard. Mu 1869, chaka chimene iye anafika, Mary Ann Müller anasindikiza kabuku kopempha ufuluwu pogwiritsa ntchito dzina lobisika lakuti Fémmina, ndipo andale monga Robert Stout anayesapo kuusintha lamulo m'zaka za m'ma 1870 koma osaphula kanthu. Chimene chinkasowa chinali bungwe lofika m'dziko lonse.

Bungwelo linabwera kudzera pa nkhani ya mowa. Mu 1885 Mary Clement Leavitt, nthumwi ya bungwe la ku America la Woman's Christian Temperance Union, anayendera New Zealand n'kumakhazikitsa nthambi m'matauni. Bungweli, lodziwika mwachidule kuti WCTU, linali la amayi achikhristu olimbana ndi uchidakwa. Sheppard anali mmodzi wa amene anayambitsa nthambi ya ku Christchurch.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene amayi ankaiona nkhani ya mowa ngati yawo, ayenera kukumbukira mmene banja la nthawi imeneyo linalili. Ndalama zonse zinkadzera kwa mwamuna. Akakathera malipiro ku bala, mkazi ndi ana ankagona ndi njala, ndipo akabwera ataledzera n'kumamenya, lamulo silinkamuthandiza kwenikweni mkaziyo. Kuthetsa banja kunali kovuta kwambiri kwa mkazi kusiyana ndi mwamuna. Choncho kwa amayi ambiri kuletsa mowa kunali kuteteza mphika ndi thupi lawo lomwe.

Ntchito yoyamba ya Sheppard mu WCTU inali ya zikalata zopempha aphungu kuti aletse kulemba amayi ntchito yogulitsa mowa m'mabala komanso kugulitsa mowa kwa ana. Aphungu anazilandira n'kuziika pambali. Apa m'pamene iye ndi anzake anaona kuti phungu saopa munthu amene sangamuchotse pampando. Mu 1887 WCTU inamusankha kukhala woyang'anira nthambi yoona za ufulu wovota ndi malamulo m'dziko lonse. Anayamba kuona voti ngati chida chothetsera mowa, koma posakhalitsa anayamba kuinena ngati chilungamo pachokha, chimene mkazi ayenera kukhala nacho kaya amadana ndi mowa kapena ayi.

Kayendetsedwe ka ntchitoyi

Sheppard sanali munthu wa zipolowe. Amene anamuona akuyankhula ankati anali wodekha, waulemu, wovala bwino komanso wodziwa kuika mfundo zake mwadongosolo. Izi zinali ndi phindu pa nthawi imene manyuzipepala ankajambula amayi ofuna voti ngati anthu aukali osiya ana akulira kunyumba. Ntchito yake yambiri inali ya patebulo. Ankalembera makalata oyang'anira nkhani ya voti m'nthambi iliyonse ya WCTU, ankatumiza nkhani kumanyuzipepala, ankalimbikitsa mipingo ndi magulu a mtsutso kuti akambirane za mutuwu, ndipo ankalemberana ndi omenyera ufulu womwewu ku Britain, ku America ndi ku Australia.

Mu 1888 analemba kapepala kotchedwa Ten Reasons Why the Women of New Zealand Should Vote, kokhala ndi zifukwa khumi zimene amayi ayenera kuvotera, ndipo kanatumizidwa kwa phungu aliyense. Zina mwa mfundo zake zinali za chilungamo: lamulo limamanga mkazi ndi mwamuna mofanana, choncho onse ayenera kukhala ndi mawu polipanga, ndipo si bwino kuika amayi m'gulu limodzi ndi ana, akaidi ndi odwala misala, omwe ndiwo ankamanidwa voti. Zina zinali zotengera maganizo a nthawiyo, akuti amayi savuta kukana ziphuphu, amaganizira kwambiri za ana, ndipo akapezeka pamalo ovotera amuna adzadzisunga. Mfundo zamtundu wachiwiriwu masiku ano ambiri sangazivomereze zonse, chifukwa zimatenga mkazi ngati woyera mtima mwachibadwa, komabe ndi zimene zinkalowa m'makutu a aphungu osafuna kusintha zinthu.

Kuyambira mu 1891 ankakonza tsamba la amayi mu nyuzipepala ya The Prohibitionist, ndipo ankasaina ndi dzina lakuti Penelope.

Popeza mkazi sakanatha kuyankhula m'Nyumba ya Malamulo, panafunika amuna oti amuyankhulire. Wamkulu mwa iwo anali Sir John Hall, amene anakhalapo nduna yaikulu ya dzikolo. Hall sanali wokonda kusintha zinthu, ndipo china chimene chinkamukoka chinali chiyembekezo chakuti amayi adzavotera anthu odekha ngati iye. Winanso anali Alfred Saunders, mnzake wa Sheppard wodana ndi mowa. Hall ndiye ankamuuza nthawi yabwino yotumizira zikalata ndi mmene mavoti akuonekera m'Nyumbamo.

Zikalata zitatu

Nyumba ya Malamulo ya New Zealand inali ndi zigawo ziwiri. Panali nyumba ya aphungu osankhidwa ndi anthu, ndiponso nyumba yachiwiri yotchedwa Legislative Council, imene mamembala ake ankaikidwa ndi bwanamkubwa boma likawatchula. Bilu inkayenera kudutsa konseko. Bilu ya Sir Julius Vogel ya mu 1887 inagwera m'nyumba yoyamba momwemo, koma kuyambira 1891 chopinga chenicheni chinali nyumba yachiwiri.

Otsutsa ankakonda kunena kuti amayi enieni sakuifuna voti, akuifuna ndi kagulu kochepa chabe. Yankho la Sheppard linali kusonkhanitsa mayina. Mu 1891 amayi oposa 9,000 anasaina. Bilu inadutsa kwa aphungu, koma phungu wina wotsutsa, Walter Carncross, anachenjera: anawonjezeramo ndime yolola amayi kuimanso ngati aphungu, podziwa kuti nyumba yachiwiri singameze zimenezo. Zinaterodi, ndipo bilu inagwa ndi mavoti awiri.

Mu 1892 mayina anafika pafupifupi 20,000. Chaka chimenecho kunabadwa mabungwe a Women's Franchise League, oyambira ku Dunedin, amene sankafunsa munthu maganizo ake pa mowa. Izi zinatsegulira khomo amayi ambiri amene sakanalowa WCTU. Harriet Morison wa bungwe la amayi osoka zovala ku Dunedin anabweretsa amayi apantchito ambirimbiri, ndipo Helen Nicol ndi Marion Hatton anagwira ntchito yaikulu m'chigawo cha Otago. Ogulitsa mowa nawo sanagone. Phungu wa ku Dunedin, Henry Smith Fish, analemba anthu aganyu oti azisonkhanitsa mayina otsutsa voti ya amayi, koma zinamutembenukira zitadziwika kuti ena anasainitsidwa mwachinyengo. Ulendo uno nyumba yachiwiri inavomera, koma inaikamo ndime yakuti amayi azitha kuvota kudzera pa positi. Boma linakana ndimeyo ponena kuti chinsinsi cha voti chidzaonongeka, mbali ziwirizo sizinamvane, ndipo bilu inafera pomwepo.

Chikalata cha 1893 ndicho chimakumbukiridwa kwambiri. Mapepala osindikizidwa anatumizidwa m'dziko lonse, ndipo amayi ankayenda nawo khomo ndi khomo, m'matauni ndi m'mafamu akutali, ena wapansi, ena pa akavalo ndi pa sitima. Akadzaza ankawabweza ku Christchurch. Kunyumba kwake ku Clyde Road, kumene banja lake linasamukira mu 1888, Sheppard ndi anzake anamata mapepalawo ndi guluu, lina kumapeto kwa linzake, n'kuwakulunga pa chidutswa cha mpini wa tsache. Mpukutuwo unali ndi mapepala oposa 500, mayina oposa 25,000, ndipo kutalika kwake kunapitirira mamita 270. Dzina la Sheppard lili pa pepala loyamba. Kuphatikiza ndi zikalata zina 12 zing'onozing'ono, mayina onse anakwana 31,872, pafupifupi mkazi mmodzi mwa akazi anayi alionse achizungu akuluakulu m'dzikolo. Hall anaulowetsa mpukutuwo m'Nyumba ya Malamulo pa wilibala, n'kuutambasula pansi pakati pa mipando ya aphungu.

Seputembala 1893

Nduna yaikulu John Ballance, amene ankagwirizana ndi voti ya amayi ngakhale ankaopa kuti ingagwetse chipani chake cha Liberal, anamwalira mu Epulo 1893. Analowa m'malo mwake ndi Richard Seddon, amene kale ankagulitsa mowa ku Kumara ndipo anali bwenzi la eni mabala. Seddon sakanatsutsa poyera chifukwa aphungu ambiri a chipani chake anali atalonjeza kale. Analola bilu ya zisankho kudutsa kwa aphungu ili ndi ndime ya amayi, akudalira kuti nyumba yachiwiri idzaigwetsanso.

Atawerenga mitu anapeza kuti pakusowa voti imodzi yoti biluyo igwe. Anatumiza telegalamu kwa Thomas Kelly, membala watsopano wa nyumbayo amene anali kumbali ya amayi, kumuuza kuti asinthe. Nkhaniyi itamveka, mamembala awiri amene ankatsutsa biluyo, William Hunter Reynolds ndi Edward Cephas John Stevens, anakwiya ndi kulowerera kwa Seddon ndipo anavotera mbali inayo. Pa 8 Seputembala 1893 bilu inadutsa ndi mavoti 20 kwa 18. Tinganene kuti pa tsiku lomalizalo chimene chinagamula nkhani chinali mkwiyo wa andale awiri, koma mkwiyowo sukanakhala ndi ntchito pakanapanda zaka zisanu ndi chimodzi zimene zinafikitsa mavoti pafupi chonchi.

Otsutsa sanagonje msanga. Mamembala 18 a nyumba yachiwiri anapempha bwanamkubwa, Lord Glasgow, kuti asasaine. Amayi nawo anatumiza matelegalamu ambiri, ndipo andale amene anawathandiza anapatsidwa maluwa oyera a camellia oti aike pa jekete. Duwa limeneli mpaka lero ndi chizindikiro cha nkhaniyi ku New Zealand. Lord Glasgow anasaina pa 19 Seputembala, ndipo Seddon yemweyo ndiye anatumizira Sheppard telegalamu yomudziwitsa. Patapita zaka, Seddon ankayankhula ngati voti ya amayi inali mphatso yochokera ku boma lake.

Lamuloli linakhudza amayi onse a zaka 21 kupita m'tsogolo amene anali nzika za ufumu wa Britain, Amaori omwe. Amayi achimaori analinso ndi nkhondo yawo payokha: mu Meyi chaka chomwecho Meri Te Tai Mangakāhia anaima pamaso pa Te Kotahitanga, nyumba ya malamulo ya Amaori, kupempha kuti amayi azivota ndiponso aziima pa zisankho za nyumbayo, ndipo chifukwa chake chachikulu chinali nkhani ya malo.

Chisankho chinali patangotsala masabata khumi. Sheppard ndi anzake anayamba pomwepo kulimbikitsa amayi kukalembetsa. Analembetsa amayi 109,461, ndipo 90,290 mwa iwo anavota pa 28 Novembala 1893. Amayi achimaori anavota pa 20 Disembala, tsiku la chisankho cha mipando ya Amaori. Otsutsa ankalosera kuti zidakwa zidzavutitsa amayi pamalo ovotera, koma tsikulo linadutsa mwabata. Chipani cha Seddon chinapambana, pamene Fish anataya mpando wake ku Dunedin.

Mawu akuti dziko loyamba amafunika kuwamva bwino. Amayi a pa chilumba cha Pitcairn ankavota kuyambira 1838, a m'dera la Wyoming ku America kuyambira 1869, ndipo ku Isle of Man amayi ena okhala ndi katundu anayamba mu 1881. New Zealand nayo inali idakali pansi pa ufumu wa Britain. Kusiyana kwake n'kwakuti inali ndi nyumba yakeyake ya malamulo ya dziko lonse, ndipo sinasankhe amayi potengera chuma kapena mtundu. South Australia inatsatira mu 1894. Ku Britain amayi ena anayamba kuvota mu 1918 ndipo onse mu 1928, pamene ku United States lamulo la dziko lonse linabwera mu 1920.

Pambuyo pa voti

Mu 1894 Sheppard anapita ku England ndi banja lake, kumene magulu a amayi ankamuitana kuti akafotokoze mmene zinathekera. Mu 1895 WCTU inayambitsa The White Ribbon, nyuzipepala yoyamba ku New Zealand imene eni ake, akonzi ndi oyendetsa ake onse anali amayi. Iye anaikonza mpaka 1903. Simunkalembedwa za mowa zokha ayi. Munkatuluka nkhani za malamulo a ukwati, umoyo, zakudya, maphunziro, malipiro ndi kavalidwe. Sheppard ankadana ndi zovala zothina m'chiuno zimene amayi ankavala nthawi imeneyo, ankalimbikitsa masewera olimbitsa thupi, ndipo iye mwini anali mmodzi wa amayi oyamba kupalasa njinga ku Christchurch. Anali mu komiti ya kalabu ya amayi opalasa njinga ya Atalanta, yomwe inayamba mu 1892.

Mu Epulo 1896 nthumwi za mabungwe a amayi zinakumana ku Christchurch n'kukhazikitsa National Council of Women of New Zealand. Sheppard anasankhidwa kukhala pulezidenti, zimene zinakhumudwitsa Anna Stout, yemwe ankayembekezera mpandowo, ndipo ubale wa awiriwa unazizira. Misonkhano ya bungweli inkatchedwa nyumba ya malamulo ya amayi, ena moyamikira, ena monyoza. Linkafuna malipiro ofanana pa ntchito yofanana, zifukwa zofanana zothetsera banja, ufulu wa mayi pa ana ake, ndalama za okalamba, komanso kuti amayi aziloledwa kukhala aphungu, apolisi ndi othandiza kugamula milandu kukhoti. Linkafunanso kuti lichotsedwe lamulo la 1869 limene linkalola kugwira ndi kupima mokakamiza mkazi woganiziridwa uhule, mwamuna osamukhudza.

Mfundo imene Sheppard ankabwererako kawirikawiri inali yakuti mkazi wapabanja akhale ndi gawo lake mwalamulo pa ndalama za mwamuna wake, chifukwa ntchito ya pakhomo ndi ntchito ndithu, ndipo mkazi wopempha ndalama ya sopo tsiku ndi tsiku sali mfulu ngakhale atakhala ndi voti. Mfundoyi inasekedwa kwambiri ndipo sinakhale lamulo iye ali moyo. Zina zinatheka: mu 1898 zifukwa zothetsera banja zinafanana kwa mwamuna ndi mkazi, ndalama za okalamba zinayamba chaka chomwecho, ndipo lamulo la 1869 lija linachotsedwa mu 1910. Pa ndale ankafuna kuti mipando izigawidwa molingana ndi mavoti a chipani chilichonse, kuti anthu azifunsidwa pa riferendamu, ndiponso kuti mayiko azithetsa mikangano pokambirana.

Bungweli linafooka, mwa zina chifukwa cha kusiyana maganizo pa nkhondo ya ku South Africa ya 1899 mpaka 1902, ndipo pofika 1906 linali litaima. Sheppard, Jessie Mackay ndi Christina Henderson analiutsanso mu 1918. Iye analitsogolera kwa kanthawi n'kutula pansi udindo mu 1919, chaka chimene amayi analoledwa kuima pa chisankho cha aphungu, patatha zaka 26 chiyambire kuvota.

Zaka zomaliza ndi imfa yake

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 banja lake linabalalika. Nyumba ya ku Clyde Road inagulitsidwa, ndipo Walter anapita ku England ndi Douglas. Kate anawatsatira mu 1903, ndipo podutsa ku America anakumana ndi Carrie Chapman Catt, mtsogoleri wa amayi omenyera voti kumeneko. Ku London anayamba kudwaladwala, moti mu 1904 anabwerera ku New Zealand. Walter anakhazikika ku England. Kate anakakhala m'nyumba ya anzake akalekale, William ndi Jennie Lovell-Smith. William anali wosindikiza mabuku, ndipo mu 1905 anatulutsa buku lofotokoza mbiri ya nkhondo ya voti ya amayi m'dzikolo.

Kuchokera apo sankayankhulanso kawirikawiri pagulu, koma sanasiye kulemba. Mu 1907 analemba kabuku ka Woman Suffrage in New Zealand kothandiza amayi a m'mayiko amene anali asanapeze voti, ndipo mu 1909 bungwe la International Council of Women linamupatsa udindo waulemu wa wachiwiri kwa pulezidenti.

Anakhala ndi moyo wautali kuposa pafupifupi onse a m'nyumba mwake. Douglas anamwalira ku Glasgow mu 1910 ndi matenda a kuchepa kwa magazi, ali ndi zaka 29. Walter anamwalira ku Bath mu 1915. Jennie Lovell-Smith anamwalira mu 1924, ndipo chaka chotsatira Kate, ali ndi zaka 77, anakwatiwa ndi William, amenenso anamwalira mu 1929. Mdzukulu wake mmodzi yekhayo, Margaret, mwana wa Douglas, anamwalira mu 1930. Mu Seputembala 1933 Elizabeth McCombs anakhala mayi woyamba kusankhidwa kukhala phungu ku New Zealand, pa mpando wa Lyttelton, doko lija Kate anatsikira sitima mu 1869. Sheppard anamwalira kunyumba kwake ku Riccarton, ku Christchurch, pa 13 Julayi 1934 ali ndi zaka 86, ndipo anaikidwa m'manda a Addington pamodzi ndi mayi ake ndi mlongo wake Robert.

Mmene amakumbukiridwira

Kwa zaka zambiri dzina lake silinkamveka kwenikweni, ndipo mabuku ena ankalemba ngati voti inangoperekedwa ndi andale achifundo amayi asanavutike. Buku la Patricia Grimshaw la mu 1972, Women's Suffrage in New Zealand, linathandiza kubwezera amayiwo m'mbiri yawo, ndipo mu 1992 Judith Devaliant anatulutsa buku la moyo wa Sheppard. Lero vuto lili mbali inayo: dzina lake lakula kwambiri moti nthawi zina limaphimba amayi ena, makamaka apantchito ndi achimaori, amene anayenda ndi mapepala aja.

Chipilala cha Kate Sheppard National Memorial, chomwe chili m'mbali mwa mtsinje wa Avon ku Christchurch, chinatsegulidwa pa 19 Seputembala 1993 ndi Dame Catherine Tizard, mayi woyamba kukhala bwanamkubwa wa New Zealand. Anachiumba ndi Margriet Windhausen, ndipo chikuonetsa Sheppard ali ndi Helen Nicol, Ada Wells, Harriet Morison, Meri Te Tai Mangakāhia ndi Amey Daldy, atanyamula chikalata chija pa wilibala. Mu 2014 magetsi ena oolotsa anthu pamsewu pafupi ndi Nyumba ya Malamulo ku Wellington anasinthidwa kuti pa getsi lobiriwira pazioneka chithunzi chake. Boma linagula nyumba ya ku Clyde Road mu 2019, ndipo tsopano anthu amaloledwa kukaiona.

Mpukutu wa 1893 unalowa m'kaundula wa UNESCO wa zolembedwa zofunika pa dziko lonse mu 1997. Kuyambira 2017 umaonetsedwa ku National Library ku Wellington, m'chipinda chimodzi ndi Pangano la Waitangi la mu 1840. Mayina ake anaikidwanso pa intaneti, ndipo anthu a ku New Zealand amafufuzamo agogo awo.